Kusankha Matayala ndi Malimu a Galimoto m'Mayiko a Chipale Chofewa

Galimoto iliyonse, ngakhale ikhale yolemera matani awiri kapena ya injini yamphamvu chotani, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse mwa anayiwo amangofanana kukula ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Mphamvu yonse ya injini, ya mabuleki ndi ya chiwongolero imadutsa pa zikhatho zinayizo isanafike pansi, kotero kuti tayala likalephera kugwira msewu palibe chida china cha m'galimoto chimene chingalowe m'malo mwake. M'mayiko monga Canada, Finland, Norway, Sweden, Germany ndi kumpoto kwa Japan, kumene chipale chofewa ndi madzi oundana zimakuta misewu kwa miyezi ingapo chaka chilichonse, funso la matayala oyendera m'nyengo yachisanu limakhudza malamulo, inshuwalansi, thanzi la anthu a m'mizinda ndiponso thumba la mwini galimoto. Funsoli limavuta kwambiri anthu amene anaphunzira kuyendetsa galimoto m'mayiko ofunda n'kukakhala kumeneko chifukwa cha ntchito kapena maphunziro, pakuti iwo anazolowera kuti tayala limasinthidwa likatha mano kapena likaphulika, osati chifukwa choti nyengo yasintha.

Misewu itatu ya nyengo imodzi

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti msewu wa nyengo yachisanu suli wamtundu umodzi. Pali msewu wa chipale chofewa, chimene chingakhale chongogwa kumene ndi chopepuka ngati ufa, kapena chotsendereka ndi magalimoto mpaka kulimba. Pali msewu wa madzi oundana, amene nthawi zina amakhala opyapyala ndi oonekera mkati moti woyendetsa amangoona phula lakuda n'kumayesa kuti ndi lonyowa chabe. Palinso msewu wa phula lonyowa ndi lozizira, umene umapezeka m'mizinda imene boma limathira mchere kuti chipale chisungunuke, ndipo pamenepo pamakhala phala la madzi, mchere ndi chipale chosungunuka mosamaliza.

Uliwonse mwa misewu itatuyi umafuna zosiyana kwa tayala. Pa chipale chofewa tayala limagwira bwino likamatola chipalecho m'ngalande zake n'kuchitsendera, chifukwa chipale chimamatirira chipale chinzake koposa mmene chimamatirira mphira. Pa madzi oundana vuto lalikulu ndi kamadzi kochepa kamene kamakhala pamwamba pake, n'chifukwa chake msewu woundana umaterera kwambiri kuzizira kukakhala pafupi ndi ziro kusiyana ndi tsiku limene kwazizira madigiri 20 pansi pa ziro. Pa phula lonyowa tayala limafunika ngalande zotaya madzi mofulumira ndi mano olimba osapindika pomanga mabuleki. Popeza zofunika zimenezi zimatsutsana, palibe tayala limene limapambana pa misewu yonse itatu, ndipo wosankha mwanzeru amayamba ndi kudzifunsa kuti msewu woipitsitsa umene amakumana nawo mobwerezabwereza ndi uti.

Chimene chimasiyanitsa tayala la nyengo yachisanu

Kusiyana kwakukulu sikuoneka ndi maso, chifukwa kuli m'kasakanizidwe ka mphira. Mphira ya tayala la nyengo yotentha imapangidwa kuti isafewe mopitirira pa phula lotentha, koma ikazizidwa imauma n'kulephera kulowerera m'timaenje ta msewu, ndipo opanga matayala ambiri amatchula madigiri 7 a Celsius ngati malire amene kuumako kumayamba kuchepetsa kagwiridwe ka msewu. Malirewa ndi chiyerekezo chothandiza kukumbukira nthawi yosinthira, pakuti mphira siisintha mwadzidzidzi pa digiri imodzi. Tayala la nyengo yachisanu limakhala ndi mphira yachilengedwe yochuluka, mafuta ofewetsa, ndi silika, ufa umene gwero lake ndi mchenga, ndipo zimenezi zimachititsa kuti likhalebe lofewa ngakhale kunja kutazizira madigiri makumi angapo pansi pa ziro.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa mano, ndiko kuti zigawo za mphira zotumphuka zimene zimaponda msewu, ndi ngalande zolekanitsa manowo. Munthu akayang'anitsitsa dzino limodzi la tayala lotere amaona kuti ladulidwadulidwa ndi timizere topyapyala tokhotakhota, tothithikana ngati mano a chipeso. Tayala likamazungulira n'kulemedwa, timizereto timatseguka pang'ono, m'mphepete mwa kamzere kalikonse mumaluma chipale kapena madzi oundana, ndipo mpata wotsegukawo umamwa kamadzi kapamwamba kaja. Njira yodula mphira motere inalembetsedwa ndi John F. Sipe ku United States m'chaka cha 1923, ndipo timizereto timatchedwabe ndi dzina lake m'Chingelezi.

Tayala lopangidwira nyengo yachisanu linayambira ku Finland, kumene kampani imene lero imatchedwa Nokian Tyres inatulutsa tayala la malole lotchedwa Kelirengas m'chaka cha 1934, n'kutsatiza la magalimoto ang'onoang'ono lotchedwa Hakkapeliitta mu 1936, dzina limene likugwiritsidwabe ntchito mpaka pano. Matayala oyambawo ankadalira ngalande zakuya zopingasa kuti galimoto idutse m'misewu yosakokoledwa chipale popanda kumanga matcheni, ndipo luso la kasakanizidwe ka mphira linabwera pambuyo pake.

Zizindikiro za m'mbali mwa tayala

Wogula amakumana ndi zizindikiro ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi zilembo za M+S, zimene zimaimira mawu achingelezi otanthauza matope ndi chipale chofewa. Zilembozi zimangonena za kapangidwe ka mano ndi kukula kwa ngalande, ndipo tayala silifunika kupambana mayeso alionse a pa chipale kuti lizilandire, n'chifukwa chake zimapezeka ngakhale pa matayala ambiri wamba amene amagulitsidwa kuti ndi a nyengo zonse. Chachiwiri ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu chokhala ndi kachidutswa ka chipale pakati pake, chimene mabungwe a opanga matayala a ku United States ndi Canada anachikhazikitsa mu 1999. Pamene chinkakhazikitsidwa, tayala linkayenera kuposa tayala lapadera loyerekezera ndi magawo 10 pa 100 pa mayeso a kagwiridwe ka chipale chotsendereka, ndipo mayiko a ku Ulaya anatenga chizindikiro chomwecho n'kuchiika m'malamulo awo.

Komabe chithunzi cha phirichi chili ndi malire ake, chifukwa mayeso ake amachitikira pa chipale osati pa madzi oundana, ndiponso chimangotsimikizira kuti tayala lafika pa muyezo wotsikitsitsa wovomerezeka. Matayala awiri okhala ndi chithunzi chomwecho akhoza kusiyana kwambiri pa mtunda umene amaimira pa msewu woundana. Pofuna kutseka mpata umenewu, bungwe la European Union linaonjezera pa chikalata chomata pa matayala atsopano, kuyambira pa 1 Meyi 2021, chizindikiro china chosonyeza kuti tayala layesedwa pomanga mabuleki pa madzi oundana, ndipo chizindikiro chimenechi chimapezeka makamaka pa matayala opangidwira mayiko a kumpoto kwenikweni.

Mitundu inayi ya matayala

Mtundu woyamba ndi wa matayala a timisomali. Kamsomali kalikonse kamakhala ndi nsonga ya chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa tungsten carbide, yoikidwa m'kachikwama ka aluminiyamu kapena ka chitsulo wamba, ndipo kamatuluka pamwamba pa mphira pang'ono kupitirira milimita imodzi. Pa madzi oundana osalala, makamaka onyowa a pafupi ndi ziro, matayala amenewa amaima msanga koposa ena onse chifukwa amakanda msewu m'malo mongodalira kumatirira kwa mphira. Koma walira mvula walira matope: timisomalito timachita phokoso, timakumba mikwasa m'phula, ndipo timatulutsa fumbi losalala kwambiri limene limalowa m'mapapo. Mizinda ya Sapporo ndi Sendai ku Japan inavutika ndi fumbi limeneli m'zaka za m'ma 1980 mpaka dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa matayala otere m'madera ambiri mu 1990. Ku Norway, mizinda ya Oslo, Bergen ndi Trondheim imalipiritsa msonkho wapadera aliyense woyendera timisomali, ku Stockholm msewu wa Hornsgatan unaletsedwa kwa magalimoto otere mu 2010, ndipo ku Germany timisomali ndi toletsedwa pa magalimoto wamba. Amene wagula matayala amenewa amalangizidwa kuyenda modekha makilomita mazana angapo oyambirira kuti timisomalito tikhazikike bwino m'mabowo ake.

Mtundu wachiwiri ndi wa matayala opanda timisomali opangidwira kuzizira koopsa, amene mphira yake ndi yofewa kwambiri ndipo timizere take ndi tochuluka. Vuto la fumbi la ku Japan lija linalimbikitsa kwambiri luso limeneli, ndipo kampani ya Bridgestone inatulutsa tayala la Blizzak mu 1988 lokhala ndi mphira ya timabowo tosaoneka ndi maso totha kumwa kamadzi ka pamwamba pa madzi oundana. Matayala a mtundu umenewu ndi achete, amagwira bwino chipale, ndipo amayandikira a timisomali kukazizira kwambiri, koma pa phula lonyowa ndi lofunda amatalikitsa mtunda woimira ndiponso amatha msanga.

Mtundu wachitatu ndi wopangidwira pakati pa Ulaya, kumene nyengo yachisanu imakhala ya mvula, phala la chipale ndi misewu ikuluikulu yothamangapo. Mphira yake ndi yolimbirapo, ngalande zake zimataya madzi mofulumira, ndipo amapirira liwiro lalikulu, koma pa madzi oundana amagonja kwa mitundu iwiri yoyamba ija. Munthu wokhala mumzinda wa nyengo yotere, monga Munich kapena Vancouver, angapindule nawo, pamene wokhala mumzinda wozizira koopsa, monga Rovaniemi kapena Winnipeg, angakhale atasankha molakwika.

Mtundu wachinayi ndi wa matayala oyendera chaka chonse amene ali ndi chithunzi cha phiri chija, monga Michelin CrossClimate imene inatuluka mu 2015. Amenewa ayenera kusiyanitsidwa ndi matayala wamba a nyengo zonse okhala ndi zilembo za M+S zokha. Ubwino wake ndi woti mwini galimoto sasintha matayala kawiri pachaka ndipo safuna malo osungira, kotero amayenerera madera monga mbali yaikulu ya Britain, kumene chipale chimagwa masiku owerengeka. Kumene msewu umaundana kwa milungu yambiri motsatizana, matayala amenewa salowa m'malo mwa tayala lenileni la nyengo yachisanu.

Zimene malamulo amanena

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ku Canada amasiyana ngakhale chigawo ndi chigawo. Chigawo cha Quebec chinakakamiza matayala a nyengo yachisanu kuyambira mu 2008, ndipo kuyambira mu 2019 nthawi yake ndi kuchokera pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku British Columbia lamulo limagwira ntchito pa misewu yosankhidwa, makamaka ya m'mapiri, kuyambira pa 1 Okutobala, ndipo limafuna mano akuya mamilimita 3.5. Ku Ontario kulibe lamulo lokakamiza, koma kuyambira mu 2016 makampani a inshuwalansi amayenera kuchotserako mtengo amene amaika matayala otere, ndipo timisomali timaloledwa kwa okhala kumpoto kwa chigawocho.

Ku Ulaya mayiko ambiri amatsata mkhalidwe wa msewu m'malo mongotsata tsiku. Germany, kuyambira mu Disembala 2010, imafuna matayala a nyengo yachisanu nthawi iliyonse imene pamsewu pali chipale, phala la chipale kapena madzi oundana, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 zilembo za M+S zokha sizikwaniranso popanda chithunzi cha phiri. Anthu a kumeneko amakumbutsana kuti matayalawa amavalidwa kuyambira Okutobala mpaka Pasaka, ngakhale kuti umenewu ndi mwambo chabe osati lamulo. Sweden imawafuna kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi ngati msewu uli wachisanu, Finland kuyambira pa 1 Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi nyengo ikafuna, ndipo mayiko onse awiri amafuna mano akuya mamilimita osachepera 3. Austria imafuna mamilimita 4 pakati pa 1 Novembala ndi 15 Epulo, pamene France inakhazikitsa mu 2021 lamulo lofuna matayala otere kapena matcheni m'madera ena a m'mapiri. Britain ilibe lamulo lotere, kotero woyendetsa wochokera kumeneko akawoloka nyanja ndi galimoto yake amagwa pansi pa malamulo a dziko limene walowa. Lamulo limangotchula muyezo wotsikitsitsa, ndipo tayala lovomerezeka pamaso pa wapolisi likhoza kukhala losakwanira pa msewu weniweniwo.

Kuwerenga manambala a kukula

M'mbali mwa tayala mumalembedwa manambala monga 205/55 R16 91H, ndipo gawo lililonse lili ndi tanthauzo. Nambala ya 205 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 55 ikusonyeza kuti kutalika kwa khoma la m'mbali ndi magawo 55 pa 100 a kutambalalako, chilembo cha R chikunena za kayalidwe ka ulusi wa mkati, ndipo 16 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Nambala ya 91 ikuimira katundu wa makilogalamu 615 amene tayala limodzi lingasenze, pamene chilembo cha H chikuimira liwiro la makilomita 210 pa ola. Matayala ambiri a nyengo yachisanu amakhala ndi chilembo cha T, choimira makilomita 190, kapena cha Q, choimira 160, ndipo mayiko monga Germany amalola chilembo chotsika kusiyana ndi cha galimoto malinga ngati liwiro lololedwalo laikidwa poonekera kwa woyendetsa. Nambala ya katundu yokha siiyenera kutsika kuchoka pa imene wopanga galimoto anatchula, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri pa magalimoto oyendera magetsi, amene amalemera chifukwa cha mabatire.

Anthu ambiri m'nyengo yachisanu amatsika ndi inchi imodzi pa limu n'kusankha tayala lopapatirako la khoma lalitali. Chitsanzo chodziwika ndi kuchoka pa 205/55 R16 kupita pa 195/65 R15. Tayala loyambalo pamodzi ndi limu lake ndi lalitali pafupifupi mamilimita 632 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo lachiwirilo ndi pafupifupi mamilimita 635, kotero kusiyana kwake sikufika ngakhale gawo limodzi pa 100 ndipo chida choonetsa liwiro, mabuleki a ABS ndi makompyuta ena a galimoto zimapitiriza kuwerenga molondola. Tayala lopapatiza limadula chipale chakuya ndi phala la chipale m'malo moyandama pamwamba pake, khoma lalitali limateteza limu ku maenje amene amabadwa madzi akamaundana ndi kusungunuka m'ming'alu ya phula, ndipo mtengo wake kawirikawiri umakhala wotsika. Malire a kutsikaku ndi mabuleki, chifukwa limu laling'ono kwambiri limagunda chitsulo chopanira mbale ya buleki, n'chifukwa chake kukula kovomerezeka kuyenera kufufuzidwa m'buku la galimoto kapena pa kachikalata komata pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa.

Malimu ndi miyezo yake

Limu ndi mkombero wachitsulo umene tayala limavalidwapo, ndipo funso loyamba ndi lakuti kodi matayala a nyengo yachisanu akhale ndi malimu akeake kapena azisinthanitsidwa pa malimu omwewo. Kuvula ndi kuveka matayala pa limu kawiri pachaka kumafuna makina, kumalipiritsa nthawi iliyonse pamodzi ndi kulinganiza kulemera kwa gudumu, ndiponso kumatopetsa mlomo wa tayala umene umatseka mpweya. Malimu achiwiri amadula pogula koyamba, koma pakapita nyengo zingapo ndalamazo zimabwerera, ndipo mwini galimoto akhoza kusintha yekha ndi jeke osadikira mzere wautali umene umakhala kwa amakaniko chipale choyamba chikagwa.

Malimu achitsulo ndi otsika mtengo, ndipo akagunda dzenje amapindika m'malo mosweka, kotero nthawi zina amawongoleka, ngakhale kuti ndi olemera ndipo mchere wa mumsewu umawachititsa dzimbiri. Malimu a aluminiyamu ndi opepuka ndi ooneka bwino, koma mchere ukalowa pansi pa utoto wokandika umawadya, makamaka amene nkhope yake inasemedwa n'kupukutidwa kuti iziwala. Wosankha aluminiyamu amachita bwino kutenga lopakidwa utoto paliponse ndiponso la mipata yosavuta kutsuka, pakuti chipale chikaunjikana mkati n'kuundana usiku, gudumu limalemera mbali imodzi ndipo chiwongolero chimanjenjemera m'mawa.

Limu silikwanira pa galimoto chifukwa chongofanana mainchi, pakuti pali miyezo ina inayi yoyenera kugwirizana. Woyamba ndi kuchuluka kwa mabowo a mabawuti ndi kukula kwa bwalo limene mabowowo akhalapo, zimene zimalembedwa monga 5x112, kutanthauza mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112, muyezo wofala pa Volkswagen, Audi ndi Mercedes-Benz, pamene magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi 5x114.3 ndipo ang'onoang'ono ambiri ali ndi 4x100. Kusiyana kwa 112 ndi 114.3 n'kochepa moti limu lolakwika likhoza kuoneka ngati lalowa, koma mabawuti ake amakhala opendekeka ndipo amamasuka kapena kuthyoka m'kupita kwa nthawi. Wachiwiri ndi bowo la pakati, limene limakhazika limu pa mutu wa ekiselo: la Volkswagen ndi mamilimita 57.1 pamene la magalimoto ambiri a Toyota a mabowo asanu ndi 60.1, ndipo limu la bowo lalikulu limafuna mphete yodzazira mpata kuti gudumu likhale pakati penipeni. Wachitatu ndi muyezo wolembedwa ndi zilembo za ET, wosonyeza mamilimita a pakati pa malo amene limu limamangidwira ndi mzere wa pakati pa limulo. Nambala ikakula kwambiri gudumu limalowa mkati n'kukhula zitsulo za shoko, ndipo ikachepa kwambiri limatulukira kunja n'kukhula thupi la galimoto. Wachinayi, umene ambiri amauiwala, ndi maonekedwe a khosi la nati kapena bawuti, chifukwa ena ndi osongoka, ena ndi obulungira, ndipo ena ndi afulati okhala ndi washala. Nati wa khosi losongoka akamangidwa pa bowo lobulungira amangokhudza pa kamzere kochepa, ndipo amamasuka ngakhale atamangidwa mwamphamvu chotani.

Pali nkhani inanso ya zida zoyeza mpweya wa m'matayala, zimene zinakakamizidwa pa magalimoto atsopano ku United States mu 2007 ndi ku European Union mu 2014. Magalimoto ena amazindikira kuchepa kwa mpweya powerenga kazunguliridwe ka magudumu, ndipo amenewa amangofuna kuuzidwa kuti matayala asinthidwa. Ena ali ndi kachida ka batire mkati mwa gudumu lililonse, kotero malimu achiwiri amafunanso tizida tinayi tatsopano, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengedwa pasadakhale.

Kuveka, kusamala ndi kusunga

Matayala a nyengo yachisanu amavalidwa anayi onse, a mtundu umodzi. Galimoto yokokera kutsogolo ikavala awiri kutsogolo kokha imanyamuka bwino n'kupatsa woyendetsa chidaliro chabodza, koma pokhota kapena pomanga mabuleki kumbuyo kumaterereka n'kuzungulira galimoto yonse. Ikavala kumbuyo kokha, kutsogolo kumakana kukhota ndipo galimoto imangopita molunjika. Galimoto yokokera magudumu onse anayi nayonso siipulumuka, chifukwa kukoka kwa magudumu anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera phiri basi, pamene poima galimoto iliyonse imadalira mabuleki anayi ndi mphira imene yaponda pansi. Galimoto yaikulu ya mtunduwu imafika msanga pa liwiro lalikulu pa msewu woterera, ndipo kulemera kwake kumafuna kugwira kochuluka kuti iime.

Matayala ambiri a nyengo yachisanu ali ndi muvi m'mbali wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo akavalidwa mozondoka ngalande zake zimasonkhanitsa madzi m'malo mowataya. Manati amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu mogwirizana ndi muyezo wa m'buku la galimoto, ndipo amayesedwanso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Mpweya umatsika pafupifupi 0.1 bar kuzizira kukaonjezereka ndi madigiri 10, kotero tayala lopopedwa m'galaja yofunda limakhala lochepa mpweya likatuluka panja, ndipo liyenera kuyezedwa mwezi ndi mwezi lisanayende. Ngakhale kuti mayiko ena amalola mano akuya mamilimita 1.6, bungwe la oyendetsa galimoto la ADAC ku Germany limalangiza kusintha tayala la nyengo yachisanu likafika pa mamilimita 4, popeza pamenepo timizere tija timakhala titafupika ndipo ngalande sizithanso kutola chipale chokwanira. Msinkhu nawonso umaumitsa mphira, ndipo umawerengedwa pa manambala anayi omaliza otsatira zilembo za DOT: 3522 akutanthauza mlungu wa 35 wa chaka cha 2022. Wogula matayala ogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kuyang'ana nambala imeneyi asanakopeke ndi kuya kwa mano.

Nyengo ikatha, matayala amatsukidwa mchere, amalembedwa malo amene anali, n'kusungidwa pa malo ozizira, ouma ndi amdima, kutali ndi mafuta ndi mamota a magetsi amene amatulutsa mpweya wa ozoni wong'ambitsa mphira. Amene ali pa malimu amasanjikizidwa chogona kapena kupachikidwa, pamene opanda malimu amaimikidwa n'kumatembenuzidwa nthawi ndi nthawi. Ku Norway ndi Sweden anthu ambiri okhala m'nyumba zosanjikizana amalipira malo osungirako amene amatchedwa hotela za matayala.

Mtengo ndi chigamulo

Mtengo wa matayala achiwiri umaoneka waukulu pa tsiku logula, koma pamene gulu limodzi likuyenda linalo likupuma, kotero onse awiri amakhalitsa, ndipo ndalama yoonjezera yeniyeni ndi ya malimu, ya tizida toyeza mpweya ndi ya kusintha. Chimene chimawononga ndalama ndi kusiya matayala a nyengo yachisanu pa galimoto kukafunda, chifukwa mphira yofewayo imadyeka mofulumira pa phula lotentha ndipo galimoto imachedwa kuima. Mfundo imeneyi imakhudzanso ogula magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene amafika ku Malawi, Zambia ndi mayiko oyandikana nawo, pakuti ena mwa magalimotowo amabwera atavala matayala olembedwa kuti STUDLESS kapena okhala ndi chithunzi cha phiri chija. Mano ake akuya amapusitsa wogula kuti ndi matayala abwino, pamene anapangidwira misewu ya chipale ya kumpoto kwa Japan, ndipo pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala sayenera kudaliridwa pa liwiro lalikulu.

Kwa wokhala m'dziko la chipale, dongosolo la kasankhidwe limayambira pa msewu, kenako lamulo la dera lake, kenako kukula kovomerezeka ndi wopanga galimoto, ndipo dzina la kampani ndi maonekedwe a limu zimabwera pomalizira. Woyenda m'misewu ya kumidzi youndana kumene timisomali timaloledwa atenge a timisomali. Wa mumzinda wozizira kwambiri atenge ofewa opanda timisomali. Woyenda pa misewu ikuluikulu yonyowa ndi yothiridwa mchere atenge a mtundu wa pakati pa Ulaya. Ndipo wokhala kumene chipale chimagwa kamodzikamodzi akhoza kukhutira ndi oyendera chaka chonse okhala ndi chithunzi cha phiri. Aliyense wa iwo aveke matayala anayi ofanana, pa malimu ogwirizana ndi galimoto pa miyezo yonse, ndipo awaveke kuzizira kukayamba kukhazikika pansi pa madigiri 7, chipale choyamba chisanagwe.